Malita Atatu pa Tsiku

Ku wodi ya kemo nyeleti imabwela pambuyo. Coyamba ni sikelo. Uvula nsapato, ukwela, anesi alemba. Ndiyeno uimilila moongoka pa cipupa kuti akupime msinkhu monga mwana wa ku sikelo ya ana, kenako akutuma ku labu na kapepala m'manja. Pa kapepalako pamakhala zinthu zambili zofunika kupima m'magazi, koma adokotala anga anali kuyamba kuika cala pa liwu limodzi, creatinine. Nambala ya liwu limeneli ndiyo imaonetsa mmene impso zikusewenzela. Tsiku langa loyamba, mu January 2024, anesi analemba masentimita 172 na makilo 61, ndipo a ku labu anabweza creatinine 78. N'nali na zaka 24. Nimakhala ku Kanyama, ndipo nimadyela kukonza mafoni pa kantemba m'tauni.

Matenda amene ananipeza nawo ni kansa ya macende. Liwu limeneli nalilemba dala. Kwathu timalimva cabe pamene makondakita atukwanana pa siteshoni, conco likakhala dzina la matenda aliyense amalizungulila patali. Amayi anali kuuza azimayi a ku chechi kuti nadwala "kunsi". Anzanga a pa nchito anali kukamba kuti mudala ali na vuto la m'mimba. Koma kansa imeneyi imakonda ife amene, anyamata a zaka kuyambila 15 mpaka ca m'ma 35 kapena 40, msinkhu umene munthu angalole kufa m'malo movula thilauzi pamaso pa anesi. Imayamba ngati kanthu kolimba mkati mwa chende limodzi, ndipo kambili sikawawa n'komwe. Langa la kumanja linalema, n'kulimba ngati kamwala. Pa kiliniki ina anangoyang'ana nkhope yanga na msinkhu wanga, n'kunipatsa mapilisi a matenda opatsilana pogonana. Mapilisi anatha, kamwala kali pomwepo, msana nawo unayamba kuwawa usiku. Sikani ndiyo inaulula. Mu December anacotsa chendelo. Amadula pansi pa mimba, pamwamba pa nchafu, ndipo thumba lenileni salikhudza kuti kansa isapeze njila ina yofalikila. Sikani yaikulu ya CT inaonetsa kuti matenda anali atakwela kale kufika ku anabele a kumbuyo kwa mimba, pafupi na msana, n'cifukwa cake sin'nali kugona. Ananitumiza ku Cancer Diseases Hospital, cipatala ca kansa cimene cili pafupi na UTH, comwe cinatsegulidwa mu 2007.

Mankhwala amene ananilembela ali na dzina lacidule, BEP, cifukwa ni atatu: bleomycin, etoposide na cisplatin, imene ena amangoichula kuti platinum. Amapelekedwa m'zigawo za masiku 21. Mlungu woyamba umapita masiku asanu otsatizana, Mande mpaka Cisanu, kukalandila etoposide na cisplatin pa dilipi. Bleomycin ni kamodzi pa mlungu, milungu yonse itatu. Tsiku la 22 cigawo cina ciyamba, kaya thupi lakonzeka kaya likali kudandaula. Ine ananilembela zigawo zitatu, milungu 9, cifukwa magazi na sikani zinaniika m'gulu la amene ali na mwayi waukulu wocila. Amene matenda awo afika patali amalandila zinayi.

Mlingo wa mankhwala amenewa sulembedwa pa botolo monga wa Panado, wamkulu awili, mwana hafu. Amauwelengela munthu aliyense payekha, ndipo apa m'pamene sikelo na cipupa zija zimalowela. Atenga msinkhu, aculukitsa na kulemela, agawa na 3,600, n'kupeza square root. Yankho ni ukulu wa khungu lonse la thupi lako m'masikweya mita. N'nayesa pa foni nili pa benchi, ndipo inanipatsa 1.7. Cisplatin ni mamiligalamu 20 pa sikweya mita iliyonse, conco yanga inali 34 pa tsiku. Etoposide ni 100 pa sikweya mita, yanga 170. Mamiligalamu 34 ni kanthu kocepa kuposa mcele umene umatsina na zala ziwili. Mnyamata wina wamtali wa ku Mongu amene bedi yake inali pafupi na yanga anali kulandila woculukilapo, ndipo tinali kumuseka kuti boma likumukondela. Masamu aja amene tinali kufunsa aphunzitsi kuti tidzawasewenzetsa kuti, n'nakumana nawo pa benchi imeneyo.

Cisplatin ili na mbili yodabwitsa. Wasayansi wina wa ku Michigan State University ku America, Barnett Rosenberg, anali kufuna kuona zimene magetsi amacita kwa tuzilombo twa bakiteliya. Anaika tuzitsulo twa platinum m'madzi mmene munali tuzilomboto n'kuyatsa magetsi. Tuzilombo tunaleka kugawikana, tunangotalika ngati ulusi, ndipo mu 1965 analemba zimene anaona. Wolakwa sanali magetsi. Platinum ndiyo inali kusungunukila m'madzimo n'kupanga mankhwala. Kansa nayo ni maselo amene amagawikana osaleka, conco anthu anayamba kuyesa. Mu 1974 dokotala wa ku Indiana University, Lawrence Einhorn, anayamba kuipatsa anyamata a kansa ya macende pamodzi na mankhwala ena awili. Nthawi imeneyo isanafike, mwa anyamata 10 amene kansa iyi inali itawafalikila m'thupi, pafupifupi 9 anali kumwalila. Masiku ano pafupifupi 8 pa 10 amacila, ndipo m'gulu langa ocila amafika 9 pa 10. Ife a dziko la kopa tingakonde kudziwanso kuti platinum yambili ya padziko lonse imakumbidwa ku South Africa, ndipo ina ku Zimbabwe. N'nali kugona pa bedi n'kumaganiza kuti mwina citsulo cimene cikulowa m'mtsempha wanga cinacokela pansi pa nthaka ya ku Rustenburg, n'kuzungulila maiko a azungu, n'kubwelela kudzanipeza.

Vuto la mankhwala aya ni njila imene amatulukila. Cisplatin ikamaliza kuzungulila m'magazi imacoka kudzela m'impso, ndipo popita imawocha tumapaipi tung'onotung'ono tumene impso zimasefela. Impso ziwili zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku, zigubu 9 za malita 20, n'kubweza pafupifupi onse m'thupi, kusiya lita imodzi na hafu kapena awili kukhala mkodzo. Madzi akacepa m'thupi, mankhwala amacedwa m'tumapaipito akali amphamvu, ndipo amawononga kwambili. M'zaka zoyambilila cisplatin inatsala pang'ono kutayidwa pa cifukwa cimeneci, mpaka madokotala anapeza kuti ukathila wodwala madzi ambili a mcele m'mtsempha, asanalandile komanso atalandila, impso zimapilila. N'cifukwa cake mamiligalamu 34 amatenga tsiku lonse. Thumba la madzi loyamba, lina lokhala na magnesium na potassium cifukwa impso zovulala zimataya micele imeneyi, ndiyeno mankhwala, ndiyeno madzi ena. Umapita ku toileti ukukoka citsulo ca dilipi ngati mbuzi ya pa cingwe, ndipo ukodzela m'jagi ya manambala n'kukauza anesi. Amuna akuluakulu a ndevu tinali kufunsana pa mabedi, "Mwafika pa zingati, mudala?" monga tikamba za magoli.

Ku wodi madzi amakupatsa. Kunyumba ni nkhani ina. Anesi aakulu, mayi wina wacikulile wa ku Chipata amene anali kutiitana tonse kuti mwananga, ananiuza pa Cisanu coyamba pamene anali kucotsa dilipi: "Mwananga, malita atatu pa tsiku, olo umve mselu. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, udziwe kuti impso zili kulila."

Malita atatu si nkhani kwa munthu wa pompi m'nyumba. Ife timatapa pa kiyosiki na zigubu, ndipo mwezi umenewo kolela inali itagwila Lusaka pakhosi. Inayamba mu October 2023, pofika January boma linasandutsa Heroes Stadium kukhala cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka pa 12 February. Kanyama anali kuchulidwa pa nyuzi pafupifupi tsiku lililonse. Ndiye onani pamene n'nali: adokotala akuti imwa madzi kuti impso zisafe, ndipo madziwo ndiwo akunyamula anthu kupita nawo ku stadium. Kuwonjezela apo, kemo imagwetsa maselo oyela a m'magazi, asilikali a thupi, makamaka pakati pa tsiku la 7 na la 14 la cigawo ciliconse. Kutsegula m'mimba kumene mnzanga angacile na ORS, ine kukananigwila mbali ziwili, ku tuzilombo komanso ku impso zouma zodzala platinum.

Nchito ya madzi inagwela mlongosi wanga wamng'ono, amene anali kuyembekezela kuti sukulu itsegulidwe alowe Grade 11. M'mamawa uliwonse anali kuyatsa mbaula, kuwilitsa madzi m'poto yaikulu, kuwasiya azizile ataphimba, n'kudzaza mabotolo awili a lita imodzi na hafu. Anajambula mizele pa mabotolowo n'kulemba maola: 10, 13, 16, 19. Madzi owilitsa pa malasha amanunkha utsi, ndipo m'kamwa mwa munthu wa kemo ciliconse cimamveka ngati wanyambita ka 50 ngwee, conco anali kufinyilamo ndimu. Saka ya malasha imene inali kutikwanila mwezi inayamba kutha m'milungu iwili, ndipo amayi sanakambepo kanthu. Mwanayo akalowa m'cipinda maso ake anali kupita ku botolo coyamba. Madzi akakhala pamwamba pa mzele anali kuima pakhomo atapinda manja. "Imwe, simunamwe."

Kumapeto kwa January ambuya anafika kucokela ku Katete. Ananyamula nshawa, ufa wa mgaiwa, nkhuku yamoyo, na kathumba ka mizu na makungwa komangidwa m'citenje. Anakhala pansi pafupi na matilesi anga, anagwila mutu wanga umene tsitsi linali litayamba kale kuthothoka, n'kukamba motsitsa mawu kuti mankhwala a azungu akunidya, ndipo abweletsa otsuka magazi. Anali atagulitsa mbuzi kuti alipile ng'anga.

Sinifuna kuti wina awelenge izi n'kuseka ambuya anga. Anaona mdzukulu amene anamubeleka kumsana ali wowonda, wopanda tsitsi, akusanza ndulu, ndipo amene akumucititsa zimenezo ni anthu ovala zoyela amene iwo sawadziwa. Aliyense wa maso akanaganiza cimodzimodzi. Koma ine n'nali n'tamva kale zimene anesi aja anali kuuza munthu aliyense watsopano: ciliconse cimene wamwa cidzadutsa m'impso zimodzimodzizo, ndipo m'botolo la mizu mulibe amene anapima kuti muli ciyani, camphamvu bwanji. Impso za munthu wabwinobwino mwina zingapilile. Za munthu wa cisplatin zili kale pa nchito ya usana na usiku. Pa mndandanda wawo wa zoletsedwa panalinso zinthu za pa kantemba zimene tonse timameza osaganiza, Brufen, diclofenac, mapilisi aja a mutu na msana, cifukwa amacepetsa magazi opita ku impso. Panalinso nyeleti ya gentamicin imene makiliniki amalasa pa matenda ena. Iyo payokha imavuta impso na makutu, ndipo ikakumana na cisplatin zimathandizana kuwononga. Anatiuza kuti kulikonse kumene tapita, olo kukacotsa dzino, mawu oyamba akhale akuti "nili pa kemo". Panado analola, koma pambuyo popima kutentha kwa thupi, cifukwa amabisa fiva, ndipo fiva yofika 38 kwa munthu wa kemo ni yothamangila ku cipatala usiku womwewo.

Kukana ambuya pamaso si cinthu cimene mdzukulu amacita. Amayi ndiwo anapeza njila. Tsiku la bleomycin anawatenga kupita nawo ku cipatala n'kuwakhazika pamaso pa anesi a ku Chipata aja. Azimayi awili acikulile anakambilana m'Cicewa ca kumudzi pafupifupi hafu ya ola, kuyambila ku mvula na cimanga. Zimene n'namva ni zocepa. N'namva anesi akuti, "Amama, impso za mwanayu zasenza kale thumba la cimanga. Tikaikapo lina, zigwa. Sungani mankhwala anu, ife timalize athu." Ambuya sanayankhe. Pobwela mu basi anali cete. Kathumba kaja anakaika pamwamba pa kabati, ndipo kuyambila tsiku limenelo analanda mlongosi wanga nchito ya mbaula. Anali kuwilitsa madziwo na ulemu wonse wa mankhwala, kuwapemphelela, n'kukhala pambali panga mpaka botolo lifike pa mzele.

Cigawo caciwili ndico cinanigwetsa. Mankhwala oletsa kusanza, ondansetron na dexamethasone, anali kugwila nchito masiku a ku wodi, koma mselu wa cisplatin uli na cizolowezi cobwela mocedwa, pa Ciwelu na pa Sondo uli kunyumba. Madzi a ambuya anali kulowa n'kubwelela m'beseni. Usiku wa bleomycin thupi linali kunjenjemela ngati malungo, ndipo amayi anali kugona na thermometer m'manja. Pa msana na pa mapewa, pamene n'nadzikanda, panatuluka mizele yakuda ngati wina wanikwapula na lamba. Fungo la kapenta wokazinga, cakudya cimene nakulila, linali kunithamangitsa m'nyumba. Ndiyeno m'makutu munayamba kulila nyenje yosaleka. Cisplatin imawononganso tumaselo twa mkati mwa khutu, kuyambila tumene tumamva mawu okwela.

Pa 11 February, Sondo usiku, kunali fainolo ya AFCON ku Abidjan, Ivory Coast na Nigeria. Chipolopolo inali itabwelela kale kunyumba kucokela m'magulu. Anzanga anapita kukaonelela ku bala. Ine n'nali pa tsiku la 14, asilikali ali pansi, malo odzala anthu oletsedwa, conco n'naonelela kunyumba n'tafunda bulangeti. Pa mphindi ya 81 Sébastien Haller anagwaza mpila na nsonga ya nsapato, 2–1, cikho cinatsala ku Abidjan. Munthu ameneyu anam'peza na kansa ya macende mu July 2022, atangosaina ku Borussia Dortmund. Anacitidwa maopaleshoni awili, analandila kemo, n'kubwelela m'bwalo mu January 2023. Foni yanga inayamba kulila pakati pa usiku. Anyamata amene kwa miyezi iwili anali kuopa kuchula dzina la matenda anga anali kulemba pa WhatsApp, "Boi, ni ija yako!" Sin'nalumphe, n'nalibe mphamvu. N'nangoyang'ana miyendo yake mmene inali kuthamangila. Ambuya anafunsa kuti wagoletsayo ni wa kuti, ndipo amayi anawauza kuti nayenso anadwala kunsi.

Patapita mlungu n'napita kukapimitsa magazi a cigawo cacitatu. Sikelo inati 56. Creatinine inati 131. Adokotala, mzimayi wacicepele amene sanali kutaya mawu, anatembenuza kapepala n'kulemba masamu kumbuyo kuti nione. Njila yake ni ya madokotala awili, Cockcroft na Gault, ya mu 1976: ucotsa zaka zako pa 140, uculukitsa na makilo, uculukitsanso na 1.23 ngati ndiwe mwamuna, n'kugawa na creatinine. Yankho limayelekezela mamililita a magazi amene impso zimayeletsa pa mphindi imodzi. Mu January yankho langa linali 112. Tsiku limenelo linali 61. Anati nambala ikatsika pansi pa 60 kapena 50 madokotala amayamba kukayikila zopeleka cisplatin. Anawonjezela kuti creatinine imacokela ku minofu, conco munthu akawonda nambalayo ingaoneke yabwino kuposa mmene impso zilili, ndipo 131 pa thupi la makilo 56 sinali nkhani yaing'ono. Masiku a kusanza aja anali ataumitsa thupi.

N'nali n'tatopa kufika m'mafupa, ndipo n'nakamba zimene zinali mumtima. "Ba dokota, olo mungocepetsako pang'ono. Kapena tilekele apa, ziwili zakwana. Nawelenga pa foni kuti kuli ina, carboplatin, siwononga impso."

Anaika colembela pansi. Anati carboplatin ilipodi, ni m'bale wake wa cisplatin, ndipo impso imazicitila cifundo. Mlingo wake amautenga pa impso mwacindunji: nambala ija ya kusefa, kuwonjezela 25, kuculukitsa na nambala imene dokotala wasankha. Kwa munthu wa mtundu wina wa kansa iyi, seminoma, imene sinacoke m'chende, dilipi imodzi ya carboplatin pambuyo pa opaleshoni ingakhale yokwanila. Koma kwa matenda ofalikila ngati anga anaiyesa kale m'zaka za m'ma 1990, kuiika m'malo mwa cisplatin, ndipo kansa inabwelela mwa anthu ambili kuposa aja a cisplatin.

"Kansa zina timapatsa mankhwala kuti munthu akhaleko nthawi," anatelo. "Pamenepo tingacepetse kuti asavutike. Yanu iyi tifuna kuipha. Tikacepetsa, maselo amene atsala ni aja olimba, ndipo akabwelanso safuna kumva mankhwala. Mlingo siniugwila. Tiyeni tikonze impso kuti ziukwanitse."

Panalinso cifukwa cina coopela nambala ija. Bleomycin nayo imatulukila ku impso. Zikacedwa kusefa imakhalitsa m'magazi, ndipo malo amene iyo imawononga ni mapapo: amacita zipsela, amauma, munthu amayamba kupuma movutikila. Ananimvetsela pacifuwa nthawi yaitali, n'kunifunsa ngati nikutsokomola, ngati nimapuma bwino pokwela masitepe, ngati nimakoka fodya kapena shisha. Lance Armstrong, wa njinga uja wa ku America amene anadwala kansa imeneyi mu 1996 itafika m'mapapo na mu ubongo, madokotala ake anam'sinthila ku mankhwala opanda bleomycin kuti ateteze mapapo ake. Zimene anacita nawo mapapowo pambuyo pake ni nkhani ya tsiku lina.

Ananigoneka m'cipatala. Masiku awili dilipi ya madzi a mcele cabe, usana na usiku, mankhwala oletsa kusanza a m'mtsempha, jagi ya manambala pansi pa bedi. Pa Citatu m'mamawa creatinine inatsika kufika 104, ndipo masamu anapeleka 77. Tinayamba cigawo cacitatu tsiku lomwelo, mocedwa na masiku awili, mlingo wonse wathunthu.

Mnyamata wa ku Mongu uja sanabwele ku cigawo cake cacitatu. Anesi anaimba foni yake kangapo mlungu umenewo, ine nikumva. Pambuyo pa zigawo ziwili cotupa cimaphwa, msana umaleka kuwawa, ndipo a pabanja amaona kuti cimene catsala cikudwalitsa mwana wawo ni mankhwala. Nthawi imeneyo ndiyo yoopsa kwambili. Koma sinikhulupilila kuti anthu amathawa cifukwa ca umbuli cabe, monga ena amakambila. Ine nimakhala ku Kanyama, mabasi awili kufika ku cipatala, ndipo ndalama ya basi, malasha, ndimu na cakudya cimene mimba ingalole zinatsiliza cilimba conse ca amayi. Iye anali kucokela mtunda wa makilomita pafupifupi 600, akugona kwa wacibale ku Chawama m'cipinda ca anthu asanu. Dokotala angawelengele mlingo bwinobwino mpaka kamiligalamu komaliza, koma amene amafikitsa munthu pa bedi pa tsiku la 22 ni mayi wogulitsa tomato, mlongosi wa pa mbaula, kapena amalume a ku migodi otumiza kandalama pa foni. M'masamu a Cockcroft na Gault anthu amenewa mulibe.

Amalume ndiwo anafunsa funso limene onse anali kuliopa. Ananiitanila kuseli kwa nyumba n'kuyamba na nkhani ya mpila, kenako anati, "Nanga ana, mphwanga?" N'nawauza zimene adokotala ananiuza. Chende limodzi limakwanitsa nchito ya awili, ponse pawili pa mphamvu za umuna na pa mbewu. Kemo ndiyo imagwetsa mbewu, ndipo mwa ambili zimabwelela m'zaka ziwili, mwa ena zimatenga mpaka zisanu, mwa ena ocepa sizibwelela. Kuli njila yosunga mbewu m'mafiliji apadela kemo isanayambe, koma mtengo wake sunali wa munthu wa kantemba. Ananilangizanso kusewenzetsa kondomu na kusapatsa mimba mpaka papite caka. Amalume anagwedeza mutu, n'kubwelela ku nkhani ya mpila. Cisumbali canga cikali nane, ndipo tinagwilizana kuti tikapimitse pamodzi zaka ziwili zikakwana.

Manje papita caka na miyezi ingapo. Tsitsi linamela lofewa ngati la khanda. Nimapita kukapimitsa magazi pa miyezi imene ananilembela, ndipo amayang'ana zizindikilo za kansa, AFP, LDH na hCG. Ya hCG imeneyi ni ija yomwe imapezeka mwa mzimayi woyembekezela, moti mwamuna wa kansa iyi nthawi zina angakodzele pa kopimila mimba ka ku famasi n'kuona mizele iwili. Zanga zonse zili pansi. Creatinine inakhazikika pa 96. Sinabwelele pa 78, ndipo adokotala akuti mwina sidzabwelela, conco amapimanso BP nthawi iliyonse, ndipo Brufen siniigwilanso. Nikadzafunika opaleshoni iliyonse, olo patapita zaka 20, niyenela kuuza wogoneka odwala kuti n'nalandilapo bleomycin, cifukwa mpweya wa oxygen woculuka ungavulaze mapapo otelo.

Nyenje ya m'khutu ikalipo. Phokoso la m'tauni limaiphimba, usiku imabwela. Cimene cinanivuta kwambili ni zala. Cisplatin imawononga minyewa ya kunsonga, ndipo dzanzi linakula miyezi itatu kemo itatha kale, pamene n'nali n'tabwelela pa kantemba. Mu June kukazizila nsonga zimatuwa n'kuuma ngati nkhuni. Tumasikulu twa iPhone siniwamva pa cala, nimaona cabe kuti kagwa. N'nagula tweezer, kamphasa ka maginito na galasi lokulitsa, ndipo sikilini imene n'nali kusintha m'mphindi 15 manje imatenga hafu ya ola. Makasitomala othamanga nimawatumiza kwa mnyamata wa kantemba yoyandikana, iye amanitumizila a mafoni ofa caji na ogwela m'madzi, amene amafuna munthu wodekha.